Ng'oma yochedwa ya a Jairos Sitima

Ku Nkhulambe mukafunsa kwa a Jairos Sitima, anthu amayamba adzikanda kaye m'mutu. Koma mukangoti "a ng'oma aja", ngakhale wa kabaza amakulozerani ndi mlomo osatsika panjinga: nyumba ya kuseri kwa munda wa nandolo, ya malata atsopano mbali imodzi, akale mbali inayo. A Sitima ndi bambo wamfupi wa mapewa otambalala, ndipo imvi zawo amati ndi fumbi la m'njira. Kwawo kwenikweni ndi kunsi kwa Michesi. Ku Nkhulambe anabwera ndi ukwati, ndipo ngakhale akhalako zaka zoposa makumi atatu, akadali mkamwini. Munda ndi wa akazi awo, mayi Eliness. Malo a nyumba ndi a mayi Eliness. Ana onse asanu ndi a kuchikazi, ndipo nkhani zawo zikuluzikulu amagamula ndi malume awo, a Walter. Chimene a Sitima anabwera nacho kuchokera ku Michesi, choti palibe mlamu angaloze kuti n'chathu, ndi manja awo.

Manjawo sanali amasewera. Pa gule wa tchopa pamalira ng'oma zitatu. Ziwiri zing'onozing'ono zimangogwira njira, koma yaikulu ndiyo imalankhula, ndipo yaikuluyo inali ya a Sitima. Ankaikhalira pamsana n'kuwerama, ndipo kuyambira pamenepo mpaka gule kutha sankayang'ananso chikopa kapena nkhope ya munthu. Maso ankakhala pansi, pa mapazi a ovina. Khalidwe limeneli linawalowerera moti ngakhale pamsika, munthu akawapatsa moni, ankayamba ayang'ana zidendene zake kenaka n'kuyankha kuti, "Aa, ndi inu kodi!" Nkhope ankaziiwala, koma chala chopindika cha mayi wina amene anavina kamodzi kokha zaka khumi zapitazo ankachikumbukira bwinobwino.

Gule wa pamudzipa ankavuta alendo. Katswiri wa ku Migowi akalowa m'bwalo ankayamba mwamatama, koma posachedwa ankaphonya phazi, n'kuphonyanso, mpaka kutuluka akunamizira fumbi. Eni mudzi ankaseka n'kumati alendo sadziwa kuvina. Chifukwa chenicheni panalibe ankachifufuza, pakuti kwa iwo gule ankangoyenda mmene amayendera.

Wovina woposa onse anali mayi Eliness. Ndi mayi wamtali, wa pakamwa pakuthwa, amene amakoka pang'ono mwendo wamanzere chigwereni m'phiri ali mtsikana, mtolo wa nkhuni uli pamutu. M'njira mumaona kuti akutsimphina, koma m'bwalo simukanadziwa. Anali ndi lamulo lawo limodzi: ng'oma ya munthu wina sankavina. Kukabwera oimba achilendo, iwo ankakhala pamphasa n'kumangoomba m'manja, ati atopa. A Sitima ankati chimenecho n'chikondi basi, ndipo ankachinyadira poyera, makamaka alamu awo akakhala pafupi.

Ndiye kunabwera nyamakazi. Inayamba ndi chala chimodzi, kenaka inagwira mfundo zonse. Zala zinatupa, zinapindika, zinakana kufumbata ngakhale mpini wa khasu. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi, asing'anga anawatema mphini, amayi a kutchalitchi anawapempherera. Onsewa anachita mbali yawo, koma zala zinangokhala chipindikire. Tsiku lomaliza limene anaimba gule mpaka kutha, m'mawa mwake anachita kuwamwetsa tiyi ndi akazi awo. Ng'oma inakwezedwa kudenga, pafupi ndi chimanga cha mbewu. Chaka chinatha, china n'kuthanso, mayi Eliness osaponda m'bwalo.

Chaka chachitatu mwana wawo wotsiriza, Tikondwe, anapeza banja. Mwamunayo ndi wa ku Zomba ndipo amagwira ntchito komweko, choncho zinadziwikiratu kuti Tikondwe adzanyamuka. Tsono pamudzipa pali kachitidwe kake. Tsiku la ukwati mkwatibwi satuluka yekha m'nyumba. Amamutulutsa ndi mayi ake akuvina, kuchoka pakhomo kukafika pabwalo, ng'oma yaikulu ikuwaperekeza. A Sitima anali ataperekeza ana a anthu osawerengeka, kuphatikizapo ana awo awiri aakazi. Ndipo tinene zoona, pa ukwati wa mwana wake mkamwini alibe zambiri zochita. Zokambirana ndi za malume, za kumiphika ndi za amayi, bambo amangovala jekete n'kukhala pampando ngati mlendo. A Sitima ankapulumukira pa ng'oma.

Masana ena a Walter anabwera, anakhala pakhonde, anamwa thobwa mpaka kuona pansi pa kapu, kenaka anati:

"Alamu, za ng'oma musadandaule nazo. Ndalankhula ndi wa zoimbira wa ku Migowi, ali ndi masipika akuluakulu. Achemwali akakana kuvina monga amachitira, mwanayu amutulutsa ndi mayi ake aang'ono, a Violet. Inu mupume, mwatigwirira ntchito zaka zambiri."

Akanalankhula mwachipongwe bwenzi zili bwinoko, a Sitima akanapeza poyambira mkangano. Koma analankhula mwachifundo, akuyang'ana zala zija, ndipo chifundocho chinawawa kuposa nyamakazi. A Sitima anangoti, "Ndamva, alamu," n'kubisa manja pakati pa mawondo. Tikondwe, amene ankatsuka mbale chapafupi, anadikira malume ake achoke ndipo ananena osatembenuka kuti, "Achemwali anga onse anatuluka ndi amayi. Ine ndalakwa chiyani?"

Patapita masiku, akudutsa kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, anamva ng'oma. Anaima. Zinkalira m'nyumba ya a Lusayo, mphunzitsi wa sitandade seveni amene boma linamutumiza kuno kuchokera ku Karonga. A Sitima anasuzumira pawindo kuti aone oimbawo ndi ndani, ndipo anangopeza munthu mmodzi wovala malaya oyera, akumwa tiyi, chala chimodzi chili pa laputopu.

"Odi, aphunzitsi! Oimba ng'omawa mwawabisa kuti?"

"Lowani, a Sitima. Ali m'menemu onse."

A Lusayo ndi munthu wabwino, koma ukawafunsa za makina oimbira uyenera kukhala utadya kale. Anafotokoza kuti masiku ano munthu mmodzi amatha kupanga nyimbo yonse, ndipo woyamba kumene amasankha pa njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula chida chogwirika, monga kiyibodi kapena bokosi la mabatani, chimene umachiimba ndi manja. Yachiwiri ndi kugula laputopu n'kuikamo pulogalamu. Mu pulogalamumo umasanja mawu a ng'oma mmene ukufunira, n'kudina batani limodzi, basi iyo imaimba yokha mpaka batire kutha.

"Ng'oma yanga ingalowe mmenemo? Yangayanga, osati za eni akezi?"

"Ingalowe. Mungoimenya, ife n'kujambula mawu ake."

"Kangati?"

"Kamodzi pa liwu lililonse."

A Sitima anabwerera kunyumba akuimba mluzu, zimene anali atasiya kalekale.

Nandolo wa chaka chimenecho anachita bwino. Atagulitsa, n'kuwonjezapo mbuzi imodzi, mayi Eliness anamanga ndalamazo pakansalu n'kuziika m'thumba la amuna awo. "Izi n'za chinthu chimodzi, bambo a Tiko. Mukalakwitsa kusankha, mbuzi ina kulibe."

Loweruka a Lusayo anakweza a Sitima pa kaliyala wa njinga, poti zala za a Sitima sizikanathanso kugwira buleki, ulendo wa ku Chiringa kwa Che Bashiri. Che Bashiri ali ndi sitolo ya zamagetsi zogwiritsidwapo kale ntchito, zimene mng'ono wawo amatumiza kuchokera ku Joni. Ndi munthu wodekha, wa kandevu koyera, amene wagulitsa zoimbira zamitundumitundu kwa zaka zambiri koma sanaonekepo akugwedeza ngakhale phewa.

Asanaonetsedwe n'komwe katundu, wogulitsa ndi mphunzitsi anayamba kutsutsana pamutu pa mwini ndalama.

"Laputopu ndiyo tsogolo," anatero a Lusayo. "M'menemo muli ng'oma, gitala, kwaya, chilichonse. Mukalakwitsa mumafufuta. Mawa mukafuna zina mumangoikamo pulogalamu ina."

"Tsogolo lake limaopa fumbi," anayankha Che Bashiri. "Limaopanso chinyezi ndi ana. Chida chogwirika chikafa ndimachitsegula n'kuwotcherera waya. Pulogalamu ikafa, aphunzitsi, maliro ake tikaika kuti?"

A Sitima anawasiya atope, kenaka anapempha kumva kiyibodi. Inali yaitali, yokongola, ya mtundu umene makwaya amalimbirana. Che Bashiri anadina batani, munatuluka rumba. Anadina lina, rege. Linanso, nyimbo yogubira.

"Tchopa ali batani liti?"

"Amene anapanga chimenechi, bambo, sanafikeko ku Phalombe."

A Sitima anamvetsera ng'oma za m'kiyibodimo atapendeketsa mutu. Zinali zaukhondo kwambiri, zopanda phula, zopanda utsi. Anapukusa mutu, ndipo potembenuka anapunthwa pa kabokosi kakuda kamene kanatchinga chitseko kuti mphepo isatseke. Kanali ndi mabatani a mphira m'mizere inayi, odzaza fumbi. Che Bashiri anati kanabwera ndi katundu wina zaka ziwiri zapitazo ndipo palibe anakafunsako. A Lusayo anakanyamula n'kukapukuta ndi mkono wa malaya.

"Aka n'kabwino ndithu. Mumaikamo mawu a ng'oma yanu, batani lililonse liwu lake, n'kumagogoda ndi zala. Koma kalibe galasi loonerapo zimene mukuchita, ndipo sikaimba kokha. Manja ayenera kukhalapo nthawi yonse."

Mawu akuti "manja" ndiwo anamaliza nkhani. M'sitolomo munali ogula ena awiri, ndipo a Sitima anaona ngati onse akuyang'ana zala zawo. Anazilowetsa m'matumba. Kabokosiko sanakakhudze n'komwe, ngakhale kungoyesa batani limodzi.

"Tipatseni chosafuna manjacho."

Che Bashiri anaika laputopu m'katoni, anabwezera kabokosi pachitseko, ndipo anati, "Mukaona kuti simukugwirizana nayo mubwere nayo. Ine sindisamuka."

Kunyumba laputopu inalandiridwa ngati mlendo wolemekezeka. A Sitima anaifunditsa nsalu ya patebulo, analetsa aliyense kusesa pafupi nayo, ndipo nkhuku ikalowa m'nyumba ankaikalipira potchula ndi makolo ake omwe. Mayi Eliness anaipatsa dzina loti "mkazi wachiwiri", ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa ngati wadzuka bwino.

Sabata yotsatira anatsitsa ng'oma kudenga. Anaipukuta, anaiwamba pamoto wa udzu mpaka chikopa chinalira bwino, anamata phula watsopano pakati. Kunyumba kwa aphunzitsi anaimenya liwu ndi liwu: pakati, m'mphepete, ndi chikhatho chonse, mopanikiza ndi chidendene. Anakwana mawu asanu ndi awiri. Kenaka a Lusayo anawapempha kuti aimbeko pang'ono gule weniweni, kuti aone kasanjidwe kake. A Sitima analuma mano n'kuimba. Sanathe ndi mphindi imodzi yomwe, thukuta lili kamukamu, misozi ili pafupi.

Pagalasi la laputopu panaoneka mizere yoimirira yotalikirana mofanana ngati mitengo ya mpanda, ndipo kumenya kulikonse kunasanduka kachidutswa kobiriwira. Tizidutswa tambiri tinagwera pamzere penipeni. A Lusayo anayandikitsa nkhope.

"Apa pali kanthu, madala. Mukuona? Koyamba, kachiwiri, kachitatu tili pamzere. Kachinayi kagwera kumbuyo. Apanso. Apanso. Pa kachinayi kalikonse mukuchedwa pang'ono."

A Sitima anayang'ana zala zawo. "Ndi matendawa."

"Musadandaule. Ubwino wa pulogalamu ndi umenewu." Anadina kamodzi, ndipo tizidutswa tonse tinadumphira pamizere yake.

Atayatsa sipika, mawindo ananjenjemera. Inali ng'oma yawo ndithu, liwu lake lomwe lija, yamphamvu, yosatopa, yosaphonya. A Sitima anaseka mpaka kutsokomola. Sabata yonse anauza aliyense wokumana naye, ngakhale wosafunsa, kuti ng'oma yachira.

Lamulungu masana anaitana anthu pansi pa mtengo wa mango kuti ayesere. A Walter anabwera ndi mpando wawo. A Lusayo analumikiza laputopu ku sipika ndi ku batire ya sola, anaonetsa a Sitima batani loyatsira ndi lozimitsira, n'kuwachenjeza kuti ena onse asawakhudze. A Sitima anakhala pampando, laputopu pamiyendo, maso ali tong'o pagalasi kuopa kulakwitsa.

Ng'oma inalira. Amayi analowa m'bwalo ndi nthungululu, koma pozungulira kachiwiri nthungululu zinachepa. Ankavina, inde, koma mokayika, wina kupondana ndi mnzake, aliyense akuyang'ana wa kutsogolo kwake. Kenaka mayi Eliness anadzuka pamphasa, anamanga chitenje m'chiuno, ndipo anthu anawapatsa malo poti panali patatha zaka zitatu. Mapazi atatu anayenda bwino. Lachinayi, la mwendo wamanzere, linafika ng'oma itadutsa kale. Anayesa kufulumira, linachedwanso. Ulendo wachitatu anapunthwa n'kugwira phewa la mnzawo, ndipo mtsikana wina wobwera kudzacheza pamudzipo anaseka mokweza.

Kusekako n'kumene kunachotsa a Sitima pagalasi. Anangoona msana wa akazi awo ukulowera kuseri kwa nyumba, akutsimphina pamaso pa anthu onse. Zimene zinachitika m'bwalomo iwo sanazione n'chimodzi chomwe. Anasakasaka batani lozimitsira, ng'oma ikungopitirira mosangalala.

"Mwayesetsa, alamu," anatero a Walter akupinda mpando wawo. "Wa ku Migowi uja ndimuuzabe, ndi a Violet omwe."

A Sitima anakapeza akazi awo akupeta nandolo wotsala, lichero likulira mwaukali.

"Mayi a Tiko, mwina mwendowo wauma chifukwa chokhalitsa. Tikayesanso mawa..."

"Mwendo wanga uli mmene unalili tsiku limene munandiona. Ng'oma yanuyo ndiye ilibe maso."

"Koma ndi yanga yomwe ija. Aphunzitsi angokonza pamene ndikuchedwa chifukwa cha matendawa."

Mayi Eliness anaika lichero pansi. "Matenda ati? Inu munayamba kuchedwa muli ndi tsitsi lakuda."

Mayiwo anapitiriza:

"Mwaiwala ku Michesi kuja, pa gule wa masika, nditabwera kwa azakhali? Ndinali nditangochira kumene. Anandiletsa kulowa m'bwalo, ine n'kulowabe. Phazi ili linkafika mochedwa, atsikana anzanga n'kumaseka ngati wasekayu. Ndinatsala pang'ono kuthawa. Ndiye kamnyamata kena kafupi, ka makutu oima, kamene anakakhazika pa ng'oma yaikulu poti mwini wake analedzera, kanayang'ana phazi langa n'kulidikira. Litafika, ng'oma n'kugwa. Pozungulira pena kanalidikiranso. Bwalo lonse linayamba kutsatira ine, ndipo oseka aja ndi amene anayamba kuphonya."

"Ine ndinkangoyang'ana mwendowo poti unali wokongola," anatero a Sitima motsitsa mawu.

"Ndiye mumati ndinakulolani chifukwa cha msinkhu wanuwo?" Anaseka, koma m'maso munali misozi. "Zaka zonsezi mwakhala mukundidikira, bambo a Tiko. Mudzi wonse unaphunzira kutsimphina nane osadziwa. Ng'oma ya wina sindivina chifukwa sindidikiridwa. Lero yanunso yandisiya."

A Sitima anakhala pansi pomwepo, pa makoko a nandolo. Manyazi anawagwira kwambiri, komanso mtima unadzaza, ndipo sanadziwe choyamba kuchita pakati pa kupepesa ndi kunyada. Zaka zonsezo ankadzitama kuti ndi mmisiri, osadziwa kuti umisiriwo unagona pati.

M'mawa mwake anafika kwa aphunzitsi sukulu isanayambe. "Bwezani kuchedwa kwanga." A Lusayo atamva nkhani yonse anavula magalasi n'kupepesa kangapo. Kubwezako sikunavute. Anangokokera kachidutswa kachinayi kalikonse kumbuyo pang'ono, ndipo anakayesa kuseri kwa nyumba popanda oonerera. Tsiku loyamba zinatheka. Lachiwiri kunachita chiperoni, mwendo unalemera, phazi linachedwa kuposa dzulo lake, ndipo makina anawasiyanso. Lachitatu mayi Eliness anadzuka opepuka, ndiye makina ndi amene anatsalira.

"Mwendo uwu ulibe muyeso umodzi, aphunzitsi," anatero mayiwo. "Umatengera nyengo, ntchito imene ndagwira, ndi amene wandipsetsa mtima."

A Lusayo anatseka laputopu ndipo anati, "A Sitima, ndinakulangizani molakwika. Ndinayang'ana zimene laputopu imatha, osafunsa zimene inu mumachita. Inu simukufuna choimba chokha. Mukufuna choti muziimba inuyo, maso ali kwina."

Che Bashiri ataona katoni ija ikubwerera sanafunse zambiri. Anawerama, anachotsa kabokosi pachitseko n'kuikapo mwala. Anakalumikiza kumagetsi n'kukakankhira kwa a Sitima.

"Ulendo uja simunakakhudze. Ndinaona. Takhudzani."

Tsikulo linali la msika, ndipo m'sitolo munali anthu ochuluka kuposa poyamba paja. A Sitima anatulutsa manja m'matumba, opindika mmene alilimo, n'kugogoda batani limodzi ndi mfundo ya chala. Mphira wake unali wofewa, sunabweze ululu. Akagogoda pang'ono, liwu laling'ono. Akalimbitsako, liwu lalikulu. Anagogoda, nagogodanso, anthu ataunjikana, mpaka Che Bashiri anachita kuwakumbutsa kuti nthawi yopita kumzikiti yakwana. Anasinthana laputopu ndi kabokosiko, ndipo pamwamba pake Che Bashiri anaikapo sipika ndi waya wake.

A Lusayo analowetsa mawu asanu ndi awiri aja m'kabokosimo kudzera pa memore khadi. Zotsala zinali za a Sitima. Poti maso sankayenera kukhala pamabatani, anamata tizidutswa ta phula pa amene ankawagwiritsa ntchito, lina kadontho kamodzi, lina tiwiri, kuti zala zizizindikira zokha. Ankakhala pakhonde dzuwa likafunditsa mfundo za zala, n'kumaimbira chilichonse cha miyendo chodutsa pabwalo: nkhuku, mbuzi, amayi opita kumjigo. Tambala wina wolumala phazi anavinitsidwa kwambiri mwezi umenewo. Anzawo awiri a ng'oma zing'onozing'ono, amene ananyanyala atamva kuti laputopu yawalanda ntchito, anabwerera atawapepesa ndi ndowa ya thobwa.

Ukwati unachitika kumapeto kwa Okutobala, kukutentha koopsa. A Walter anabweretsabe wa ku Migowi uja, Mcdonald, bambo wa magalasi akuda, kuti aimbe pa perekaniperekani. Anamutsinanso khutu kuti za alamu zikakanika alowererepo msanga, ndipo a Violet anaima pafupi atamanga kale chitenje. A Sitima anavala jekete monga bambo wa mkwatibwi, koma mpando umene anawakonzera kutsogolo anaukana. Anagoneka ng'oma yakale ija pafupi ndi khomo, anaikhalira pamsana, kabokosi pamawondo, n'kuwerama.

Chitseko chinatseguka. Mayi Eliness anatuluka atagwira Tikondwe padzanja. Anali ataima masiku atatu pamiphika ya ukwati, ndipo a Sitima atangoona mmene phazi lamanzere linatsikira pakhonde anadziwa kuti lero mwendo walemera kuposa masiku onse. Ng'oma zing'onozing'ono zinagwira njira. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Lachinayi linanyamuka pang'onopang'ono, ndipo chala cha a Sitima chinaima m'mwamba. Chiyambireni kuimba sanadikirepo nthawi yaitali chotero. Phazi linatera, ng'oma inagwa pamodzi nalo, ndipo nthungululu zinadzaza bwalo lonse.

Mcdonald anayandikira a Lusayo n'kuwanong'oneza kuti, "Bwana, makinawo akuchedwa. Ndiwathandize?"

A Lusayo anamugwira pamkono. "Akuchedwa dala. Khalani pansi muone."

Amayi a pamudzi analowa pambuyo, aliyense atapezanso miyendo yake, a Violet ali pakati pawo. A kuchimuna ochokera ku Zomba analowanso mwachidwi, ndipo monga mwa nthawi zonse anaphonya phazi n'kunamizira fumbi. Ngakhale a Walter anadzuka, jekete lili m'manja.

A Sitima sanaone nkhope ya aliyense. Ankaona mapazi, ndipo pambali pa a akazi awo panali ena awiri m'nsapato zoyera. Tikondwe alibe vuto lililonse la mwendo. Kusukulu ankathamanga mipikisano, ndipo phiri amakwera osapuma. Koma pa phazi lachinayi lililonse, lamanzere lake linkaima kaye m'mwamba, kudikira, kenaka n'kutera pamodzi ndi la mayi ake. Sankayang'ana pansi, sankawerenga. Anakula nako kuvina kumeneko, ndipo mawa lake ankapita nako ku Zomba, kumene adzaphonyetse anthu mapazi moyo wake wonse.

Munda si wawo, malo a nyumba si awo, ndipo mwanayo mwambo umati ndi wa a Walter. Koma kaphazi kodikira kaja kanali ka a Sitima. Misozi inatsika, inadutsa pamphuno n'kudonthera pamabatani, ndipo sakanatha kuipukuta poti manja onse anali pantchito.

Pozungulira, mayi Eliness anadutsa pafupi nawo, ndipo osasiya kuvina anawerama pang'ono.

"Pukutani m'maso, bambo a Tiko, mungandiphonye."

A Sitima anapukutira paphewa la jekete, n'kuyang'ananso pansi.